Malemu Samuel Josia Nthara, Mphunzitsi wa ku Nkhoma Amene Adalemba Nthondo

M'kope lino la kalata yathu, pa tsamba la mbiri ya anthu akale, tiyeni tikumbutsane za munthu amene ambiri a ife tidamudziwira pachikuto cha buku chabe. Tikangotchula Nthondo, anzathu amene adaphunzira Chichewa zaka zammbuyomu amayamba kumwetulira, ena nkukumbukira aphunzitsi awo a Chichewa ndi kamtengo kawo kolozera pabolodi. Koma tikafunsa kuti mlembi wake adali yani, adakhala kuti, nanga bukulo lidayamba bwanji, mayankho amachepa. Chonsecho bamboyu adagwira ntchito yake pafupi pomwepa, ku Nkhoma, kumene munthu wochokera ku Nathenje amangotsata msewu wa ku Dedza nkukhotera pa Kamphata.

A Samuel Josia Nthara adabadwa m'chaka cha 1905 kuno kuchigawo chapakati. Pa mabuku awo oyamba, ndiponso pa onse amene adamasuliridwa m'Chingerezi, dzina lawo lidalembedwa kuti Ntara, ndipo dzina lapakati nthawi zina limaoneka ngati Yosia. Izi zisatisokoneze. Kalembedwe ka masiku amenewo kadali kena: ankalemba Cinyanja m'malo mwa Chinyanja, Acewa m'malo mwa Achewa, ndipo chilembo cha h chidali chisanakhazikike m'mawu ambiri. Munthu wake ndi mmodzi yemweyo.

Kuti timvetse a Nthara tiyenera kuyamba tamvetsa malo amene adawaumba. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adafika ku Mvera mu 1889, motsogozedwa ndi abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok. Mu 1896 adatsegula siteshoni ya Nkhoma m'dziko la mfumu Mazengera, ndipo patapita zaka likulu la mishoni yonse lidasamukira komweko. Kumbali yathu ya kuno adatsegula Malingunde mu 1907. Amishoni amenewa adali ndi khalidwe limodzi lowasiyanitsa ndi anzawo a ku Blantyre ndi ku Livingstonia: adalimbikira kwambiri sukulu za m'midzi, zophunzitsa m'chinenero cha anthu, pamodzi ndi ulimi ndi ntchito zamanja, koma Chingerezi ankachipereka mounira. Ambiri adawadzudzula pa chimenechi, ndipo kudzudzulako kudali ndi pake, chifukwa ana a kuno adachedwa kulowa ntchito zaukalaliki zimene anzawo a kumpoto ndi kummwera adazigwira msanga. Komabe mbali ina ya nkhani yomweyo njakuti m'midzi ya Lilongwe, Dowa ndi Dedza mudachuluka anthu odziwa kuwerenga Chinyanja. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira adaitsogolera a W.H. Murray, lidatha kusindikizidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1920, a Nthara ali mnyamata. Iwo adakulira m'sukulu zimenezi, adaphunzira uphunzitsi, ndipo adadzakhala mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma.

Anthu akadziwa kuwerenga amafuna chowerenga. Baibulo ndi buku la nyimbo zidalipo, koma munthu sangawerenge zokhazo chaka chonse. Ndiye mu 1909 mishoni idayamba kusindikiza magazini yake yotchedwa Mthenga. Idali magazini ya mpingo, yodzaza ndi nkhani za mipingo, maphunziro a Mawu a Mulungu ndi malangizo, ndipo inkayenda m'manja mwa aphunzitsi ndi alaliki mpaka kumidzi yakutali. Kope limodzi silinkawerengedwa ndi munthu mmodzi ayi. Wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake mokweza, pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndipo osadziwa kuwerenga ankamvera limodzi. Ife a m'badwo wa Kuunika, magazini imene idadzalowa m'malo mwa Mthenga, tikudziwa momwe kapepala kotere kamazungulirira mudzi mpaka kuda bii ndi zala.

Tisaone ngati zimenezi zidali zathu zokha. M'maiko ambiri alembi adayambira m'magazini asanaone dzina lawo pabuku. Ku Australia, magazini ya The Bulletin ya mumzinda wa Sydney, imene idayamba mu 1880, ndiyo idatchukitsa alakatuli ndi alembi monga Henry Lawson ndi Banjo Paterson, ndipo mu 1907 eni ake adatulutsanso ina ya mwezi ndi mwezi yotchedwa The Lone Hand. Anthu a kumidzi ya nkhosa ndi kumigodi ankatumizako ndakatulo zawo, ndipo m'menemo ndi mmene Azungu a dziko lija adayamba kumva kuti zochitika kwawo nzoyenera kulembedwa, osangodikira za ku London. Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi cha ku Lesotho, kumene buku loyamba la a Thomas Mofolo, Moeti oa Bochabela, lidatuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya mishoni ya ku Morija yotchedwa Leselinyana lisanakhale buku mu 1907. Kusiyana kwake nkwakuti ku Sydney mkonzi adali munthu wa nyuzipepala wofuna malonda, pamene ku Morija ndi ku Nkhoma mkonzi adali mmishoni, ndipo makina osindikizira adali a mpingo. Wolemba aliyense ankadziwa bwino lomwe kuti zolemba zake zikadutsa m'manja mwa yani.

Mwayi wa a Nthara udachokera kutali. Mu 1926 ku London kudakhazikitsidwa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo lidayamba kuchititsa mipikisano ya zolembalemba m'zinenero za mu Africa, chaka chilichonse nkusankha zinenero zingapo. Itafika nthawi ya Chinyanja kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930, mphunzitsi wachinyamata wa ku Nkhoma, wosakwana nkomwe zaka makumi atatu, adatumiza nkhani yake ndipo adapata mphotho. Nkhaniyo idali Nthondo. Idatuluka m'zigawozigawo mu Mthenga, kenaka nkusindikizidwa ngati buku mu 1933. M'mipikisano ya bungwe lomwelo ndi mmenenso mudatulukira buku la Omenuko la a Pita Nwana a ku Nigeria, limene anthu olankhula Chiigbo amaliwerengera ngati chiyambi cha mabuku awo a nthano zazitali. Choncho a Nthara ali m'gulu la anthu ochepa amene adatsegula njira m'zinenero zawo pa nthawi imodzi, wina ku Nigeria, wina ku Nyasaland, osadziwana.

Amene adaliwerenga akukumbukira kuti Nthondo ndi mbiri ya munthu wongopeka, kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Mwanayo akukula movuta, wosamva, wa manja aatali, wosautsa abale ake ndi mudzi wonse. Akuchoka kwawo kukafuna ntchito, akuona zowawa zapaulendo, akubwerera, ndipo pamapeto pake munthu uja ankamuyesa wotayika akulowa ufumu nkutembenuka mtima kukhala Mkhristu. Mafupa a nkhaniyo ndi amenewo, ndipo tikangoyang'ana mafupawo tikhoza kunena kuti ndi ulaliki wovala malaya a nthano. Ena amatero ndithu. Kunena zoona, mathero a bukuli amaoneka kuti mlembi ankadziwa chimene eni makina ankayembekeza, ndipo kutembenuka kwa Nthondo kumabwera mofulumira kuposa kuipa kwake, kumene mlembi adakufotokoza mosathamanga ndiponso mokoma.

Koma mnofu wa bukuli suli pamathero. Uli pa moyo wa pamudzi umene a Nthara adaulemba monga munthu wa momwemo: zochitika mwana akabadwa, miyambo yoyenera kusungidwa kuti khanda lisadwale, ulamuliro wa amalume pa mbumba yawo, maliro ndi zotsatira zake, kuombeza, milandu ya pabwalo, mantha a ufiti, njala, ndi macheza a anyamata kumphala. Azungu adali atalembapo kale za zinthu zimenezi, koma ankalemba ngati munthu wosuzumira pazenera, namasulira zonse monga zachilendo kapena zamdima. A Nthara sadaime kuti apepese kapena kuti afotokozere mlendo. Anthu a m'buku lawo amachita mwambo chifukwa ndiwo moyo umene akuudziwa, ndipo amalankhula monga agogo athu ankalankhulira, mozungulira, mwaulemu, mwina mwachipongwe chobisika. Taganizani mmene zidaliri kwa munthu wa ku Nathenje kapena ku Mitundu m'zaka zimenezo, atazolowera kumva za Yerusalemu ndi Galileya zikuwerengedwa papepala, tsiku lina nkumva papepala lomwelo za mwana wakuba wa pamudzi ngati wake, wolankhula Chichewa chake chomwe. Ndiye nkhani nkudukira pakati, kudikira kope lotsatira.

Za ulendo wa Nthondo nazonso sizidali zopeka kwa owerenga oyamba aja. Zimenezo zidali zaka za msonkho wa nyumba, pamene amuna ambiri a chigawo chino ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena osabwerako mpaka kutchedwa matchona. Anthu a kuno adachuluka ku Salisbury kotero kuti mu 1912 abusa Vlok, omwe aja adayambitsa Mvera ndi Nkhoma, adasamukira komweko kukawatumikira. Pafupifupi banja lililonse lomvera nkhaniyo lidali ndi wake amene adapita.

Chimene chidatengera dzina la a Nthara kunja chidali kumasulira. A Thomas Cullen Young, mmishoni wa ku Scotland amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Livingstonia asanabwerere kwawo, adalimasulira bukuli m'Chingerezi, ndipo lidatuluka ku London mu 1934 ndi dzina loti Man of Africa. Mawu otsogolera adalemba ndi a Julian Huxley, katswiri wa sayansi amene pambuyo pake, mu 1946, adakhala mkulu woyamba wa bungwe la UNESCO. Apa tiime pang'ono. Mabuku a Chingerezi a Amalawi amene timawatchula kawirikawiri ngati oyamba, I Will Try la a Legson Kayira ndi No Easy Task la a Aubrey Kachingwe, adatuluka mu 1965 ndi mu 1966. Nkhani ya mphunzitsi wa ku Nkhoma idali itawerengedwa kale ku Ulaya zaka zoposa makumi atatu mmbuyo mwake, ndipo iye adailemba m'Chichewa, osati m'Chingerezi. A Cullen Young omwewa ndi amene adadzagwirizana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, pa nthawiyo ali dokotala ku Britain, kukonza buku la Our African Way of Life la mu 1946, lomwe lidasonkhanitsa zolemba za Amalawi atatu za m'mipikisano ya bungwe lomwe lija.

A Nthara sadalekere pa buku limodzi, ngakhale adali ndi kalasi yowadikira mmawa uliwonse. Chapakati pa zaka za m'ma 1940 adatulutsa Mbiri ya Achewa, ndipo kwa ife a dera lino bukuli mwina ndi lofunika kuposa Nthondo. Mbiri ya Achewa idali isanalembedwe ndi Mchewa. Idali m'mitu mwa mafumu, ankhoswe ndi nkhalamba, ndipo nkhalamba zimene zidaona nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo ndi maso awo zidali zikutha. Bukuli lidasonkhanitsa zimene akuluakuluwo ankasimba: za ulendo wochokera ku Uluwa, za a Phiri ndi a Banda, za Kalonga, Undi, Mkanda ndi Mwase wa ku Kasungu, ndi mmene maufumu adagawikira.

Mulinso nkhani ya pakhomo pathu penipeni. Amene amachokera kumadzulo kwa Mitundu, cha ku Malingunde mpaka kutsinde kwa mapiri a Dzalanyama, akudziwa za Msinja, kumene kudali kachisi wamkulu wa mvula ndi Makewana, mayi wosunga kachisiyo, amene mafumu akutali ankamutumizira mphatso chilala chikavuta. Akudziwanso za Kaphirintiwa, kumene makolo ankati anthu oyamba adasiya mapazi awo pathanthwe, ndi za phiri la Bunda limene tonse tidakula tikuliona, lomwe nalonso lidali malo a nsembe kalekale sukulu ya ulimi isanamangidwe patsinde pake. Zinthu zimenezi mpingo wa a Nthara unkaziona ngati zachikunja. Zaka za m'ma 1920 zidali za mkangano woopsa pakati pa sukulu za mishoni ndi gule wamkulu, mphunzitsi akuitanira ana kusukulu, akudambwe akuwaitanira kwawo. Mkhristu wobatizidwa sankayenera kupezeka kumeneko, ndipo m'malo mwa chinamwali mpingo udakonza chilangizo chake. Tsono m'kati mwa zonsezi, mphunzitsi wa mpingo womwewo adakhala pansi nalemba za Makewana mwaulemu, monga mbiri ya anthu ake, ndipo makina a ku Nkhoma adazisindikiza. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali ukulu wa a Nthara. Sadasiye chikhulupiriro chawo, ndipo palibe buku lawo limene limanyoza mpingo, koma adakana kuti zakale za Achewa zifere limodzi ndi nkhalamba.

Bukuli lili ndi zofooka zake, ndipo akatswiri adazitchula. Mfumu ikamasimba mbiri imasimba yokomera banja lake, makamaka m'masiku a atsamunda pamene boma linkasankha woti akhale mfumu yaikulu ndi woti akhale nyakwawa poyang'ana mbiri zomwezo. Zaka za zochitika sizidalembedwe, chifukwa osimbawo sankawerenga zaka. Komabe aliyense amene adadzafufuza mbiri ya Amaravi pambuyo pake, kaya ndi a Harry Langworthy, kaya bambo Matthew Schoffeleers, kaya a Kings Phiri a ku Chancellor College, adayenera kudutsira pa a Nthara, kuvomerezana nawo kapena kutsutsana nawo. Mu 1973 bukuli lidatuluka m'Chingerezi mumzinda wa Wiesbaden ku Germany, atalimasulira a W.S. Kamphandira Jere, ndemanga zake atalemba a Langworthy.

Buku lina limene ambiri sitidalione ndi mbiri ya Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Chibanzi ku Dowa, kufupi ndi mishoni ya Kongwe. Uyu sadali munthu wopeka ngati Nthondo. Adali mlenje wa njovu ndi wamalonda a minyanga m'masiku a nkhondo, munthu wokonda kuyesa zatsopano, amene adayamba ulimi wothirira ndi kudzala mbewu zachilendo monga tirigu anzake asanaziganizire, ndipo atakalamba adalandira sukulu ndi Chikhristu. Adamwalira mu 1926. A Nthara adafunsa anthu amene adamudziwa nalemba moyo wake, ndipo a Cullen Young adamasuliranso, bukulo nkutuluka ku London mu 1949 ndi dzina loti Headman's Enterprise. Mukaliika pambali pa Nthondo muona kuti mlembiyu adali ndi funso limodzi lomwe linkamuzunguza moyo wake wonse: kodi mfumu ya Chichewa ingalowe bwanji m'dziko latsopanoli osataya ufumu wake? Mu Nthondo adayankha ndi munthu wopeka, mu Msyamboza adapeza munthu weniweni.

M'chaka chomwecho cha 1949 adatulutsa Nchowa, nthano imene mwini nkhani wake ndi mkazi. M'zaka za m'ma 1960 adalemba mbiri ya abusa Namon Katengeza, mmodzi wa Amalawi awiri oyamba kudzozedwa ubusa mu mishoni ya Nkhoma mu 1925 pamodzi ndi abusa Namkumba, komanso kabuku ka mawu okuluwika a m'chinenero chathu.

Za Chichewa chawo payenera kunenedwa mawu. Pamene a Nthara ankayamba kulemba, panali kukokana pa nkhani ya Chinyanja choyenera kulowa m'mabuku. Cha kummwera, chotsamira ku Chimang'anja, chidali ndi mabuku a mishoni ya Blantyre ndi dikishonale yaikulu ya a David Clement Scott ya mu 1892. Cha kuno chinkaoneka ngati cha kumudzi. Mabuku a a Nthara adaonetsa kuti chilankhulo cha ku Lilongwe, Dowa ndi Dedza chikhoza kunyamula nthano yaitali, mbiri ya mtundu ndi mbiri ya munthu. Pamene msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress mu 1968 udasintha dzina la chinenerochi kuchoka ku Chinyanja kukhala Chichewa nkuchikweza kukhala cha dziko lonse, zimenezo zidali ndale, ndipo anzathu a zinenero zina, makamaka Atumbuka amene chinenero chawo chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, adali ndi chifukwa chodandaulira. Koma chinenero sichilowa m'kalasi ndi lamulo lokha, chimafuna mabuku oti ana awerenge, ndipo ena mwa mabuku amene adalipo kale pa tsikulo adali a mphunzitsi wa ku Nkhoma uja. Alembi amene tidawawerenga pambuyo pake, a John Gwengwe a Sikusinja ndi Gwenembe, a E.J. Chadza a Ntchito za Pakamwa, a Jolly Max Ntaba, a Willie Zingani, adapeza njira italambulidwa kale.

A Nthara adamwalira m'zaka za m'ma 1970, ataona dziko likulandira ufulu ndiponso Mbiri ya Achewa itamasuliridwa m'Chingerezi. Chodandaulitsa nchakuti mabuku awo ngovuta kuwapeza. Munthu akhoza kuyenda m'masitolo a mabuku mu Lilongwe tsiku lonse osapeza Nchowa kapena Msyamboza, ndipo ana athu ambiri amene akulemba mayeso a Chichewa sadagwirepo Mbiri ya Achewa ndi manja awo, ngakhale akukhala m'midzi yomwe bukulo limaitchula. Makope akale a Mthenga ndiye adasowa koposa, popeza pepala la magazini silipirira chiswe ndi chinyezi, ndipo ambiri adathera kukulungira fodya.

Mwa ife alipo ana ndi adzukulu a aphunzitsi, alaliki ndi akulu a mpingo a masiku amenewo, ndipo m'nyumba zotere simulephera kukhala sutikesi yachitsulo kapena bokosi la malemu agogo limene palibe walitsegula chimwalirire eni ake. Amene angapezemo buku lililonse la a Nthara, kaya lothothoka chikuto, kaya kope la Mthenga ngakhale la masamba ochepa, adziwitse a komiti ya bungwe lathu kuti tikalijambule, eni ake atsale ndi lawo, lojambulalo likaikidwe mulaibulale ya sukulu.